Kudya kwa eni ku Spain: mafunso ndi mayankho okhudza malesitilanti a mabanja

Anthu akamakonzekera ulendo wa ku Spain amakonda kundifunsa za ndege, za malo ogona ndi za matikiti a mpira ku Madrid kapena ku Barcelona. Za chakudya amakumbukira pomaliza, koma ndi zimene zimayamba kuwavuta tsiku lofika lomwelo. Ndayendako kangapo, ndipo chakudya chimene chinandikhala pamtima si cha m'mahotela. Ndi cha m'malo ang'onoang'ono a mabanja, momwe mayi ali kukhitchini, bambo ali pakauntala, mwana wawo akuthamanga ndi mbale. Mayankho awa ndi a malo oterowo.

Lesitilanti ya banja ndiizindikira bwanji?

Yambani ndi chikwangwani. Mawu akuti casa amatanthauza nyumba, ndiye mukaona dzina loyamba ndi Casa, nthawi zambiri lotsatiralo ndi la munthu amene anayambitsa malowo, mwina agogo a amene akukuthirirani msuzi. Casa de comidas ndi nyumba yophika zakudya za tsiku ndi tsiku. Mesón ndi yachikale, yamitengo yakuda kudenga ndi matebulo olemera. Venta imakhala m'mbali mwa msewu waukulu. Kale inkalandira apaulendo a pa ngolo ndi akavalo, lero imadyetsa madalaivala a malole. Asador ndi malo owotcha nyama mu uvuni wa nkhuni.

Dzina lokha lisakukopeni, chifukwa aliyense akhoza kulemba Casa pakhomo. Suzumirani m'kati. Ngati zakudya zalembedwa ndi choko pabolodi kapena ndi bolopeni pakapepala, ndipo n'zowerengeka, ndiye kuti zaphikidwa lero. Ngati mwakhala amisiri a fumbi m'malaya, azigogo amene woperekera zakudya akuwatchula mayina, wailesi yakanema ikulankhula yokha pakona, lowani. Koma ngati pakhomo paima munthu wokuitanirani monga amachitira oitanira minibasi pasiteji, atanyamula bukhu la zithunzi za zakudya makumi asanu m'zinenero zisanu, ine ndimapitirira. Khitchini ya banja limodzi singaphike zinthu zonsezo tsiku limodzi. Zambiri mwa izo zimachokera m'firiji.

Ndinafika 12 koloko masana, ndiponso 7 koloko madzulo, ndinapeza khitchini ili yotseka. Chalakwika n'chiyani?

Palibe chalakwika, mwangofulumira. Nkhomaliro, imene amaitcha la comida, imadyedwa kuyambira cha m'ma 2 koloko mpaka 4 koloko, ndipo makhitchini ambiri amatsegula 1 koloko kapena hafu pasiti wani. Mgonero, la cena, umayamba cha m'ma 9 koloko usiku. Pakati apo banja lophika nalo limadya, kupuma ndi kukonzekera za usiku.

Nkhaniyi ili ndi mbiri yake. Malinga ndi pomwe dzikoli lili, linayenera kumayendera nthawi imodzi ndi London ndi Lisbon. Mu 1940 boma la Francisco Franco linasunthira wotchi kutsogolo ndi ola limodzi kuti ifanane ndi ya mayiko a pakati pa Ulaya, ndipo sinabwezedwenso. M'chilimwe chawo amawonjezanso ola lina. Choncho ku Madrid mu Julayi wotchi ikamati 2 koloko, dzuwa limakhala lili paliwombo. Anthuwo amadya dzuwa likafika pomwe ife timadyera, koma wotchi yawo ndi imene ili patsogolo. Ku Galicia, kumpoto chakumadzulo kwa dzikoli, mu Juni dzuwa limalowa 10 koloko itapitirira.

Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala wotchi ya kumtunda kwa Spain imafanana ndi ya ku Lilongwe ndi Lusaka, kotero mimba yanu idzalira pa nthawi yake ya kunyumba. Chitani monga amachitira eni ake: cha m'ma 11 koloko m'mawa lowani m'bala, mumwe khofi ndi kachidutswa ka tortilla ya mazira ndi mbatata ya kachewere, ndipo cha m'ma 6 koloko madzulo mudye kenakake kogwiriziza. M'mabala ambiri muli khofi, masangweji ndi ana omwe, si malo a mowa okha.

Menú del día n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani aliyense amandiuza kuti ndizidya imeneyo?

Chifukwa ndi mmene mungadyere bwino osaboola thumba. Ndi nkhomaliro yathunthu ya mtengo umodzi, yopezeka makamaka Lolemba mpaka Lachisanu. Mumasankha mbale yoyamba, primero, monga msuzi, nyemba, masamba kapena saladi. Kenako yachiwiri, segundo, yomwe imakhala nyama kapena nsomba. Pomaliza postre, chotsekemera kapena chipatso, kapena khofi m'malo mwake. Buledi ndi chakumwa zimakhala momwemo. M'malo wamba mtengo umakhala pakati pa mayuro 12 ndi 16. Loweruka ndi Lamlungu umakwera.

Mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1960, pomwe unduna woona zofalitsa nkhani ndi zokopa alendo, womwe unkatsogozedwa ndi Manuel Fraga, unalamula malesitilanti kuti azikhala ndi chakudya cha mtengo wokhazikika cha alendo odzaona dziko. Ankachitcha menú turístico. Amene anachikonda zedi ndi antchito a momwemo amene sakanatha kubwerera kunyumba masana.

Chenjerani ndi mawu awiri. Mukati menú, iwo amamva nkhomaliro ya mtengo umodzi ija. Mndandanda wonse wa zakudya, chilichonse ndi mtengo wake, amautcha la carta. M'malo ena a mabanja menú salemba n'komwe. Mtsikana amangoima pambali panu n'kulakatula zonse mwaliwiro, maso ali kutebulo lina. Musachite manyazi kunena kuti más despacio, por favor, kutanthauza kuti alankhule pang'onopang'ono.

Sindidziwa Chisipanishi. Ndikwanitsa?

Mukwanitsa, bola mukhale ndi mawu ochepa a ulemu. M'matauni ang'onoang'ono Chingerezi chimasowa, ndipo amene amachidziwako amakhala mdzukulu amene wapita kusukulu. Polowa perekani moni kwa onse: buenos días nkhomaliro isanakwane, buenas tardes pambuyo pake, buenas noches usiku. Musangokhala pomwe mwaona mpando m'chipinda chodyera, comedor. Imani pakhomo, nenani kuchuluka kwanu, mesa para dos kapena kungoonetsa zala, akulozereni tebulo.

Mayi wachikulire amene ndi mwini malo mumutchule señora, bambo señor, ndipo gwiritsani ntchito usted, yomwe ili ngati "inu" wathu waulemu. Iwo akhoza kukuyankhani ndi tú, ngati "iwe", kapena kukutchulani hijo, hija, mwana wanga. Si chipongwe, n'chizindikiro choti akumasukirani. Poitana woperekera zakudya kwezani dzanja n'kunena perdone. Kuliza zala kapena likhweru n'kwamwano kumeneko monga mmene zilili kwathu.

Munthu wodutsa pafupi ndi tebulo lanu akati que aproveche, akukufunirani kudya kwabwino, inu muyankhe gracias. Ndipo funso limene landidyetsa bwino koposa onse ndi lakuti ¿qué me recomienda?, mukundilangiza kuti ndidye chiyani? M'malo a banja yankho lake limakhala loona, chifukwa mayiyo amadziwa mphika umene wamutuluka bwino lero.

Nsima iliko?

Ayi, ndipo ndi bwino kuvomereza msanga. Chimene chimagwira ntchito ya nsima patebulo ndi buledi wolimba khungu, wosatsekemera. Amanyema ndi manja, kukankhira naye chakudya pafoloko, n'kupukutira msuzi mpaka mbale kuyera. Mbatata ya kachewere, mpunga ndi nyemba ndi zimene zimakhutitsa.

Komabe chimanga sichachilendo. Chinafika kuchokera ku America ndipo chinakhazikika kumpoto komwe kumagwa mvula yambiri. Ku Galicia kuli buledi wa ufa wa chimanga wolemera bwino. Ku Asturias amakazinga timikate ta chimanga totchedwa tortos, ku Basque amaphika talo pachitsulo chamoto. Chimene chinandikumbutsa kwathu kwenikweni ndi gofio wa ku zilumba za Canary: ufa wa chimanga kapena tirigu wokazinga kaye asanagaye. Akaukanda ndi msuzi wa nsomba wotentha umalimba ngati phala lokhuthala, ndipo umanunkhira chimanga chokazinga cha m'phale.

Sindidya nyama ya nkhumba. Ndidzavutika?

Apa ndiye pofunika kuchenjera koposa ponse, kwa abale athu achisilamu, a Seventh Day Adventist ndi ena onse osadya nkhumba. Ku Spain nkhumba ili paliponse, ndipo nthawi zambiri imabisala. Kumidzi mabanja ankapha nkhumba imodzi nyengo yozizira ikamayamba, mwambo wotchedwa matanza, n'kuikonza kuti idye chaka chonse: miyendo kuithira mchere n'kuiyanika kukhala jamón, nyama ina kukhala masoseji a chorizo, mafuta kusungidwa ophikira. Palinso mbiri yowawa. Ufumu womaliza wa Asilamu ku Spain, wa ku Granada, utagwa mu 1492, Ayuda ndi Asilamu amene anakakamizidwa kulowa Chikhristu ankayang'aniridwa, ndipo kupewa nkhumba kunkatha kum'bweretsera munthu mlandu ku bwalo la milandu ya chipembedzo lotchedwa Inquisition.

Zotsatira zake n'zakuti wophika wachikulire saona kachidutswa ka jamón ngati nyama. Kwa iye n'chokometsera, ngati anyezi. Tsiku lina ndinali ndi mnzanga wachisilamu m'kalesitilanti kena ka m'tauni yaing'ono ku Castilla. Anafotokoza bwinobwino kuti sadya nyama ya nkhumba, mayi wa pamalopo anagwedeza mutu, n'kumubweretsera zitheba zofwafwaza. Titayang'anitsitsa, munali timadontho tofiira. Titawafunsa, mayiwo anadabwa moona mtima. "Koma mwananga, aka ndi ka jamón chabe, kopatsa fungo." Atamvetsa anagwira pachifuwa, anachotsa mbaleyo, ndipo patapita kanthawi anabwera ndi mazira okazinga ndi pisto, womwe ndi tomato, tsabola wosawawa ndi anyezi zophikidwa m'mafuta a maolivi, atatsuka kaye chiwaya. Sanafune kutinamiza. Funso lathu ndi limene linali losakwanira.

Safunsa anadya phula. Lembani mawu awa papepala muziwaonetsa: No como cerdo, ni jamón, ni chorizo, ni tocino, ni manteca. Tocino ndi nyama yamafuta ya nkhumba, manteca ndi mafuta ake ophikira. Lomo, panceta ndi secreto nazonso ndi za nkhumba. Mphodza zawo, lentejas, pafupifupi nthawi zonse zimaphikidwa ndi chorizo. Croquetas, timibulu tokazinga tofewa m'kati, zambiri zimakhala ndi jamón. Salmorejo, msuzi wozizira wa tomato wa ku Córdoba, amauwaza jamón pamwamba. Ngakhale timakeke tina, monga mantecados ndi ensaimada ya ku Mallorca, timakandidwa ndi mafuta a nkhumba.

Osadya magazi adziwe kuti morcilla ndi soseji ya magazi, ngati uwende wothiridwa m'matumbo, ndipo ya ku Burgos amaisakaniza ndi mpunga. Osadya za m'nyanja zopanda mamba akumbukire mawu akuti marisco, za m'zigoba monga nkhanu; pulpo, octopus wa miyendo isanu ndi itatu; ndi calamares, m'bale wake wotchedwa squid. Nyama ya m'malesitilanti a chikhalidwe kawirikawiri si ya halal, ndipo ina, monga mchira wa ng'ombe, imaphikidwa ndi vinyo. Chotetezeka ndi nsomba yowotcha pachitsulo, a la plancha, tortilla de patatas ya mazira ndi mbatata, msuzi wozizira wa tomato wotchedwa gazpacho, ndi sipinachi wophikidwa ndi tchana wa ku Sevilla. Ngati vuto lanu ndi la m'thupi, monga mtedza kapena tirigu, nenani alergia. Lamulo la European Union limakakamiza malo odyera kufotokoza za zinthu 14 zimene zimadwalitsa anthu ena.

Nanga ndiitanitse chiyani?

Cha m'dera limene mulili. Spain si khitchini imodzi. Monga munthu safunafuna chambo chabwino kutali ndi nyanja, musafunefune chakudya cha ku Valencia m'mapiri a kumpoto. Ku Madrid nyengo yozizira idyani cocido, mphika wa tchana, masamba ndi nyama zosiyanasiyana umene umabwera magawo atatu: msuzi kaye, kenako tchana ndi masamba, pomaliza nyama. Ku Asturias ndi fabada, nyemba zazikulu zoyera zofewa ngati batala. Ku Aranda de Duero ndi madera ozungulira ndi lechazo, kamwana ka nkhosa koyamwa kowotchedwa m'mbale yadothi ndi madzi ndi mchere basi. Ku Galicia ndi pulpo wodulidwa ndi sizasi pambale yathabwa, wowazidwa mchere, tsabola wofiira wogaya ndi mafuta.

Wokulira kunyanja adzasangalala ku Málaga. M'mphepete mwa nyanja amatunga nsomba za sardinas pandodo, n'kuzizika mumchenga wodzazidwa m'kabwato kakale, pambali pa moto wa nkhuni. Amazitcha espetos, ndipo zimadyedwa ndi zala. Boquerones zokazinga, tinsomba tating'ono tothiridwa ufa, zidzakukumbutsani usipa wauwisi wapachiwaya.

Okonda zam'kati simudzasowa. Callos a la madrileña ndi chifu cha ng'ombe chophikidwa maola ambiri pamodzi ndi mang'ina ndi mlomo wake mpaka msuzi kumata milomo, koma dziwani kuti mumakhala chorizo ndi morcilla.

Bwanji paella? Si ndiye chakudya cha dziko lonse?

Ndi cha ku Valencia, ndipo anthu a kumeneko amachiteteza ngati mwana. Mpunga unabwera ndi Aarabu, ndipo mpaka lero umalimidwa m'madambo ozungulira nyanja yaing'ono ya Albufera, kummwera kwa mzindawo. Paella yeniyeni ya kumeneko inali chakudya cha alimi: nkhuku, kalulu, zitheba zaphwatalala, nyemba zazikulu zotchedwa garrofó, tomato, safironi, nthawi zina nkhono. Ya nsomba ndi zam'nyanja ndi mtundu wina. Dzinalo ndi la chiwaya chachikulu chosazama chimene amaphikiramo.

Imadyedwa masana, makamaka Lamlungu, si usiku. Malo abwino amaphikira anthu awiri kapena kuposerapo, ndipo mtengo wolembedwa umakhala wa munthu mmodzi. Mudzadikira mphindi zosachepera 30, kapena adzakuuzani kuti muitanitsiretu posungitsa tebulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikabwera pakangotha mphindi zisanu, ndiye kuti angoitenthetsa.

Musayembekezere mpunga wofewa ndi wonunkhira ngati Kilombero. Uwu ndi wanjere zazifupi, woyalidwa mopyapyala, wouma pang'ono, womwa msuzi wonse. Pansi pachiwaya pamakhala nkhoko zofiirira zimene amazitcha socarrat. Mlendo amaganiza kuti mpunga wapserera, pomwe eni ake amalimbirana kuzipala ndi sipuni. M'mudzi wa El Palmar, pakati pa minda ya mpunga, muli malesitilanti ambiri a mabanja ophika zimenezi.

Ndimakonda tsabola. Alipo?

Wochepa kwambiri. Chakudya cha ku Spain chimadalira adyo, mafuta a maolivi, mchere ndi pimentón, tsabola wofiira wogaya amene nthawi zambiri sawawa. Wa ku La Vera amamuyanika pautsi. Patatas bravas, mbatata ya kachewere yokazinga yothiridwa msuzi wa tsabola, zimene iwo amati zimaluma, kwa wozolowera kambuzi sizimveka n'komwe. Mutha kupempha guindilla, tsabola wowawa, kapena algo picante, chilichonse chowawa. Kutulutsa botolo lanu la Nali m'chikwama n'kuthira pa fabada imene mayi wakhala akuiyang'anira kuyambira m'mawa, ine sindingachite. Lawani kaye monga mmene yaphikidwira.

Sindimwa mowa. Aziona zachilendo?

Ayi. Vinyo wa pamalopo amabwera ndi menú, ndipo ambiri amamusakaniza ndi gaseosa, chakumwa cha thovu chotsekemera pang'ono, koma palibe amene adzakukakamizeni. Pemphani madzi, mosto, womwe ndi madzi a mphesa osasasa, kapena chakumwa choziziritsa kukhosi chilichonse. Mukangoti agua adzakubweretserani a m'botolo olipira. Kuyambira mu 2022 lamulo limati malo odyera azipereka madzi a pampopi kwaulere kwa wowafuna, ndiye nenani agua del grifo.

Okonda tiyi konzekani kukhumudwa pang'ono: ndi dziko la khofi. Mukafuna tiyi wamkaka nenani té negro con leche. Khofi amamwa pambuyo pa zonse, solo wopanda mkaka kapena cortado wa kamkaka pang'ono. Ku Asturias mudzaona woperekera akukweza botolo la sidra, mowa wa maapozi, pamwamba pa mutu n'kuthira m'tambula imene wagwira kumunsi kwa chiuno, kuti uchite thovu. Amathira pang'ono, ndipo umamwedwa nthawi yomweyo.

Ndingadye ndi manja? Nanga kugawana mbale?

Buledi, nsomba zing'onozing'ono, nthiti za nkhosa ndi jamón zimadyedwa ndi zala. Zina zonse ndi mpeni ndi foloko. Beseni ndi jagi yosambira m'manja sizibwera kutebulo. Funsani los servicios kapena el aseo, kutanthauza kuchimbudzi, mukasambe kumeneko. Manja azikhala pamwamba pa tebulo, osati pamiyendo.

Kugawana ndiye chikhalidwe chawo, ndipo ife sitivutika nacho. Usiku makamaka, anthu amaitanitsa raciones, mbale zazikulu zoika pakati, aliyense n'kumatapa. Media ración ndi theka lake. Tapa ndi kambale kakang'ono. Ku Granada, Jaén, Almería ndi León kamabwera kaulere ndi chakumwa chilichonse, ngati banyira wa pamsika, koma m'mizinda ina yambiri mumalipira. Itanitsani zochepa kaye, chifukwa mbale za m'malo a mabanja zimadzaza. Menú del día yokha ndi imene sagawana: ndi ya munthu mmodzi.

Phokoso lisakudabwitseni. Anthu amalankhula mokweza, onse nthawi imodzi, ana akuthamanga pakati pa matebulo 11 koloko usiku. Sakukangana. Ana amalandiridwa paliponse. Kusuta fodya m'kati kunaletsedwa kuyambira Januwale 2011.

Tamaliza kalekale koma bilu sikubwera. Atiiwala?

Sanakuiwaleni. Kubweretsa bilu munthu asanapemphe kuli ngati kuthamangitsa mlendo, ndipo sachita. Nthawi yotsalira patebulo mbale zitachotsedwa ili ndi dzina lake, sobremesa. Anthu amakhala ndi kakhofi kawo, akucheza ola lathunthu kapena awiri, makamaka Lamlungu. Mwa miyambo yonse ya patebulo la ku Spain, uwu ndi umene ndimaukonda kwambiri, chifukwa ndi pomwe bambo wa pakauntala amapeza mpata wodzaima pambali panu n'kufunsa kuti kwanu ndi kuti. Mukafuna kunyamuka nenani la cuenta, por favor, kapena pitani mukalipire kukauntala. Ngati muli ndi sitima yoti mukwere, nenani poyamba pomwe.

Pali ndalama zina zobisika? Nanga ya "zikomo" kwa woperekera zakudya?

Mitengo yolembedwa iyenera kukhala ndi msonkho wa IVA kale, womwe m'malo odyera ndi 10 peresenti. Buledi, ngati simukudya menú, nthawi zambiri amalipiritsa. Ngati simukumufuna mukaneni akamamuika. Kukhala panja, terraza, kumakhala kokwererapo m'malo ena, ndipo ziyenera kulembedwa. Chimene chimapweteka anthu ambiri ndi zilembo S/M, según mercado, kutanthauza kuti mtengo ukutengera wa kumsika tsiku limenelo. Nsomba yaikulu kapena nyama yogulitsidwa pakilo, funsani mtengo wake isanapite pamoto. Si manyazi, eni dziko nawo amafunsa.

Propina, ndalama yothokoza, si yokakamiza. Ambiri amasiya chenji kapena yuro imodzi kapena ziwiri, ndipo akasangalala kwambiri pachakudya chachikulu amawonjezerako. Khadi imalandiridwa pafupifupi paliponse, koma kumidzi yendani ndi ndalama zapamanja pang'ono. Mukaona kuti akuberani, malo aliwonse ayenera kukhala ndi mapepala odandaulira, hojas de reclamaciones. Zotsala mutha kutenga: nenani para llevar. Lamulo la mu 2025 lolimbana ndi kutaya chakudya limapatsa wodya ufulu umenewu.

Ndiyenera kusungitsiratu malo?

Pakati pa sabata masana, ayi, bola mufike cha m'ma hafu pasiti wani anthu a m'maofesi asanadzaze. Loweruka usiku ndi Lamlungu masana, inde, chifukwa mabanja athunthu amabwera, agogo mpaka zidzukulu. Imbani foni kapena dutsani m'mawa mukanene nokha. Malo ambiri a mabanja amatseka Lamlungu usiku ndi Lolemba, ndipo m'mizinda ya kumtunda mu Ogasiti mudzapeza kapepala pachitseko kakuti cerrado por vacaciones. Banja lonse lapita kutchuthi kumudzi kapena kunyanja, mwina sabata zitatu.

Malo akale otchuka aja ndi oyenera ndalama zake?

Ena ndi a mabanja enieni, ndipo mbiri yawo si yopeka. Sobrino de Botín ya mumsewu wa Cuchilleros ku Madrid imawerengera chiyambi chake ku 1725, ndipo a bukhu la Guinness World Records amaitchula kuti ndi lesitilanti yakale koposa padziko lonse imene ikugwirabe ntchito. Banja la González lakhala likuiyendetsa kuyambira m'zaka za m'ma 1930. La Bola, ya mu 1870, imaphikabe cocido m'timiphika tadothi pamakala, kamphika kamodzi munthu mmodzi. Ku Segovia, pansi penipeni pa ngalande ya miyala imene Aroma anamanga, pali Mesón de Cándido, komwe kamwana ka nkhumba ka sabata zitatu amakadula ndi m'mphepete mwa mbale poonetsa kufewa kwake, kenako mbaleyo n'kuiphwanya pansi. Ku Prendes ku Asturias, banja la Morán lakhala likuphika fabada ku Casa Gerardo, yomwe inayamba mu 1882.

Ngati thumba likulola, pitani kamodzi, mutasungitsa tebulo. Koma dziwani kuti mudzalipira kangapo kuposa menú ya pakona, ndipo anzanu a patebulo loyandikana adzakhala alendo ngati inu. Ndikanakhala ndi masiku atatu okha, awiri ndikanadya m'malo opanda dzina lodziwika, misewu iwiri kapena itatu kuchoka pabwalo lalikulu la mzinda.

Monga munthu wakuda, adzandilandira bwino?

Ndikambe zimene ndaona ine. M'mizinda ikuluikulu palibe amene amatembenuka. M'midzi ing'onoing'ono mitu imatembenuka mukamalowa, macheza n'kuzizira pang'ono. Nthawi zambiri chimakhala chidwi, ndipo moni wolimba umasungunula zonse. Tsankho liliko, sindingabise, ndipo ndinalowapo pamalo pena pomwe anandisiya ndili chiimire ena obwera pambuyo panga akupatsidwa matebulo. Ndinatuluka, n'kukadya khomo lotsatira. Musakakamire kusiya ndalama zanu pomwe sakukufunani. Zoterezi zinandichitikira kamodzi, pomwe malo amene anandilandira ndi manja awiri sindingawawerenge.

Andibweretsera chinthu chimene sindinaitanitse. Ndilipira?

Maolivi kapena kambale kobwera ndi chakumwa nthawi zambiri n'kaulere. Pamapeto, malo ambiri a mabanja amapereka katambula kakang'ono ka mowa waukali wa zitsamba, chupito, n'kunena invita la casa, nyumba ikukupatsani. Ngati simumwa ikani dzanja pachifuwa, nenani gracias, no bebo alcohol, ndipo ena ali ndi kachakumwa kotsekemera kopanda mowa ka anthu otere. Mukakayika, funsani ¿es invitación?, kodi ndi mphatso?

Mayi a zitheba aja, titamaliza kudya, anatuluka kukhitchini akupukuta manja pa epuloni, atanyamula mbale ziwiri za arroz con leche, mpunga wophikidwa mumkaka ndi shuga, wowazidwa sinamoni. Anaika imodzi patsogolo pa mnzanga, n'kuwerengera pazala zonse zimene zinalimo, chimodzichimodzi, kuti asakayike: mpunga, mkaka, shuga, khungu la ndimu, sinamoni. Anaima pomwepo mpaka iye atalawa sipuni yoyamba. Pabilu mbale ziwirizo sizinalembedwe.